Matope Onunkha a ku Walvis Bay

Msewu wochokera ku Windhoek, likulu la Namibia, kupita ku Swakopmund ndi wa makilomita pafupifupi 360. Mukamayandikira kunyanja mitengo imayamba kuchepa, udzu nawo n'kutha, kutsala miyala ndi mchenga wokhawokha. Dzuwa likuswa mtengo chonchi, tinangozindikira talowa m'chifunga chozizira moti aliyense m'basimo anayamba kufunafuna juzi.

Ndinapita kumeneko kukacheza ndi mayi wina wasayansi amene amafufuza za ndere ndi mabakiteriya a m'nyanja ya Atlantic. Funso limene akhala akulimbana nalo ndi lakuti, nayitrojeni ndi fosiforasi, michere imene ndere zimakulira, zikakwera kuchokera pansi pa nyanja, zimathera kuti?

Tili pa mlatho wakale wolowera m'nyanja ku Swakopmund, anandiuza kuti ndiyambe ndamvetsa kaye za mphepo. Imaomba kuchokera kum'mwera motsatira gombe, ndipo chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, madzi apamwamba amakankhidwira kumadzulo, kutali ndi mtunda. M'malo mwake mumakwera madzi ozizira a pansi, odzaza ndi michere. Zimenezi zimachitika mwamphamvu kwambiri cha ku Lüderitz. Madzi ozizira omwewo ndiwo amaziziritsa mpweya n'kuletsa mitambo ya mvula kupangika. Ndiye kuti chipululu cha Namib ndi nsomba za Namibia gwero lake ndi limodzi.

Ku Walvis Bay n'kufupi, makilomita 30 ndi pang'ono, msewu wake mbali ina milu ya mchenga, mbali ina mafunde. Kumeneko tinakwera kabwato kukatunga madzi. Madziwo si obiriwira ngati a pa zithunzi zokopa alendo ayi, ndi oderako, a bii, chifukwa cha ndere ting'onoting'ono totchedwa diatom tokhala ndi zigoba zonga galasi. Mayiwo ankatsitsa mabotolo pa chingwe n'kuwatseka pa kuya kosiyanasiyana. Ine ntchito yanga inali kulemba manambala pa mabotolo ndi kulimbana ndi mseru.

Zosangalatsa zenizeni ndinakaziona ku labotale. Nderezi zimaswana mopitirira zimene nsomba ndi tizamoyo tina tingadye, choncho zambiri zimafa n'kumira. Pansi pa nyanja zimaunjikana n'kupanga matope okuya mamita angapo. Mabakiteriya amene amaoletsa matopewo amamaliza okosijeni yense m'madzi a pansi, ndipo okosijeni akatha pamabwera mabakiteriya ena amene amatulutsa mpweya wa poizoni wa hydrogen sulphide. Atangotsegula chitoliro cha matope chimene anabwera nacho pa sitima yofufuzira, chipinda chonse chinadzaza fungo la mazira oola. Iwo osachita nako tsinya n'komwe.

Nthawi zina mpweya umenewu umaphulika kuchokera pansi. Nyanja imasanduka yoyererako ngati mwathiridwa mkaka, mpaka zimaoneka pa zithunzi za satelayiti, nsomba zimafa, nkhanu zimathawira kumtunda, ndipo tauni yonse imanunkha. Anthu a m'mphepete mwa nyanjayi anazolowera.

Kenako anatapa matope pang'ono, kuwasukuluza m'mbale yagalasi, n'kunena kuti, "Tayang'anitsitsani bambo, musadandaule za maikulosikopu." M'matope akudawo munali timadontho toyera totsatizana ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Kadontho kalikonse n'bakiteriya mmodzi, wooneka ndi maso. Dzina lake ndi Thiomargarita namibiensis. Anamupeza ndi Heide Schulz wa ku Max Planck Institute ku Bremen, Germany, mu 1997, m'matope a kufupi ndi Walvis Bay komweku, ndipo analengeza mu 1999. Ena amakula mpaka mamilimita 0.75. Anali bakiteriya wamkulu kuposa onse odziwika kufikira mu 2022, pamene m'bale wake wa ku zilumba za Guadeloupe ku Caribbean anamulanda ulemuwo.

Kukula konseku n'chifukwa cha chikwama. Pafupifupi thupi lake lonse ndi thumba losungiramo nayitireti, mchere wa nayitrojeni umene amaugwiritsa ntchito m'malo mwa okosijeni. Bakiteriyayu sayenda. Amangokhala m'matope kudikira kuti mafunde kapena kuphulika kwa mpweya kuvundule pansi, madzi okhala ndi nayitireti amufike, iye n'kudzaza thumba lake. Ndi nayitireti ameneyo amatha kupirira miyezi, akudya sulufule wa mu mpweya wa poizoni uja. Kuwala kwakeko ndi timibulu ta sulufule. Mwa zonse zimene ndinaona ku Namibia, ngakhale mbalame za flamingo zodzaza dambo la Walvis Bay, palibe chinandigwira mtima ngati timadontho timeneti.

Ku funso lawo lija, yankho lina linapezeka mu 2005, pamene Marcel Kuypers ndi anzake anaonetsa kuti m'madzi opanda okosijeni a m'chigawo chino cha nyanja, chotchedwa Benguela, muli mabakiteriya otchedwa anammox amene amasandutsa michere ya nayitrojeni kukhala mpweya, ndere osaipezanso. Fosiforasi njira yake ndi ina. Thiomargarita amamusunga m'thupi kenako n'kumutulutsa wambiri nthawi imodzi, ndipo ena amauma n'kukhala miyala ya fosifeti. Miyala imeneyi ikufunidwa ndi makampani opanga feteleza. Mu 2013 boma la Namibia linaimitsa kaye zokumba pansi pa nyanja, asodzi atadandaula, ndipo nditaona zimene zimatuluka matopewo akangogwedezeka, madandaulo awo ndinawamvetsa.

Madzulo tinadutsa cha kudoko, kumene kuli mafakitale oika nsomba m'zitini. Mu 1968 kuno kunagwidwa matani oposa 1 miliyoni a nsomba za sardine, ndipo m'zaka za m'ma 1970 zinachepa kwambiri. Asayansi ena amaganiza kuti popeza sardine zinkadya ndere zambiri, kuchepa kwake kwachititsa kuti ndere zochuluka zizimira n'kuonjezera matope aja. M'malo mwake mwachuluka ma jellyfish ndi kansomba ka goby kamene kamatha kubisala m'matope opanda okosijeni. Mu 2018 boma linaletsa kugwira sardine, ndipo kuti ntchito isaime, mafakitale ena ankaitanitsa nsomba zoumitsidwa ndi ayezi kuchokera kunja, monga ku Morocco.