Phazi lizijambulidwa munthu ataima

Chinthu chimene chimandiwawa pa ntchito yathuyi yojambula odwala ndi ichi: munthu wabwera akuti phazi limandipweteka ndikaima, ndikamayenda, nde timugoneka pa bedi, kujambula, chithunzi chatuluka choyera bwinobwino, nkumuuza kuti palibe chathyoka pitani mukamwe mankhwala opha ululu. Komatu mwini wake wanena kuti ululu umabwera akaponda. Atagona phazi lili pa tchuthi, tiona chani pamenepo?

Ine ndimagwira ntchito ku dipatimenti ya X-ray kuno ku England, ndipo tili ndi makina amene amati weight-bearing CT. Ndi sikani ya CT koma wodwala amaima, thupi lonse lili pa mapazi ake. CT wamba ija yolowa m'chibowo utagona ndi yakale ndithu, wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971 ndi makina a Godfrey Hounsfield, ndipo zaka zonsezi phazi limajambulidwa munthu atagona. Ena amayesera kumanga malamba nkumakankha phazi ndi thabwa kuti zikhale ngati munthu waima koma sizimafanana. Makina oimirawa luso lake analitenga kwa madokotala a mano, amati cone beam, ndipo anayamba kufala cha m'ma 2012. Odziwika ndi pedCAT a kampani ya CurveBeam ya ku America, ndi Planmed Verity ochokera ku Finland.

Mmene zimakhalira nzosavuta. Munthu amavula nsapato ndi sokosi, nkukwera pa kansanja kozungulira, manja agwira zitsulo za m'mbali, ife timangoti imani mmene mumaimira masiku onse, musatsamire mbali imodzi, musasunthe. Makina amazungulira mapazi kamodzi, miniti siikwana, basi watha. Cheza chakenso nchochepa kuyerekeza ndi CT wamba.

Tsono chosangalatsa chili pa kompyuta. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi malo olumikizirana mafupa 33, pa X-ray mafupa onsewa amasanjikizana, lina pamwamba pa linzake, nde umachita kutsinzinira diso limodzi kuti uone bwino. Pa sikani iyi phazi umalitembenuza mmene ukufunira, kulidula pakati, kuliyang'ana chakumbuyo ku chidendene. Ndimakumbukira mayi wina wogwira ntchito yosamalira okalamba, yoima tsiku lonse ija, phazi lake linayamba kuphwa pang'onopang'ono mpaka nsapato imatha mbali imodzi. Pa sikani yogona phazi limaoneka lilibe vuto lenileni. Ataima, eee, kupindika kwa pansi pa phazi kuja kunagweratu, fupa la chidendene litapendekera kunja nkumakhulana ndi fupa la pamwamba pake, pomwepo pamene iwo amaloza ndi chala. Nditawayang'ana nkhope pamene dokotala amawaonetsa, sanayankhule zambiri, anangoti mwaona nanga, ndimanama ine? Zinandikhudza kwambiri chifukwa munthu ukamva ululu nthawi yaitali anthu osaona chovuta, umayamba kuoneka ngati waulesi, ngakhale kunyumba kwako komwe.

Zili ngati tayala la njinga, likakhala payokha limaoneka lopopa bwino, mpaka wina akwerepo ndi thumba la chimanga mpamene umadziwa kuti mpweya mulibe.

Pali kuvulala kwina kumene kumabisala kwambiri, amati Lisfranc, dzina la dokotala wa ku France wa nthawi ya nkhondo za Napoleon. Kumachitika pakati pa phazi, pamene mafupa aatali opita ku zala amalumikizana ndi timafupa ta pakati. Mitsempha yogwira mafupawo ikaduka, munthu atagona mafupa amabwerera m'malo mwake, ukajambula zonse zili bwino. Akaima amatalikirana, mwina ndi mamilimita awiri okha, koma timamilimita timeneti tikasiyidwa phazi limadzagwa nyamakazi nkulowamo, munthu nkumatsimphina moyo wake wonse. Chimodzimodzi pa kakolo, pamene mafupa awiri a mwendo amagwirana chapamwamba pang'ono, anthu amangoti ndabinya koma zenizeni mafupa atayana.

Bondo nalonso. Kachichereŵechereŵe ka m'bondo sikaoneka pa X-ray, timangoyeza mpata umene uli pakati pa mafupa. Munthu atagona mpatawo umaoneka ulipo, akaima ndi pamene umaona kuti mbali ya mkati fupa lagundana ndi fupa. Agogo ambiri odandaula maondo vuto lawo limaoneka ngati laling'ono chifukwa chojambulidwa atagona chonchi.

Sikuti makinawa amaona zonse ayi. Mitsempha ndi minofu saonetsa bwino, imeneyo ndi ntchito ya sikani ina yogwiritsa ntchito maginito, amati MRI. Munthu amene wangothyoka kumene sangaime, ndipo asakakamizidwe. Komanso ndi odula, ngakhale kuno ku England si chipatala chilichonse chimene chili nawo.

Nde mwina mukuti nanga ife kumudzi zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza kwambiri, ndi ngozi za kabaza wa njinga zamoto zachulukazi, phazi ndi kakolo ndi zimene zimayamba kufika pansi, ena ovala ma silipasi okha. Anyamata a mpira m'mabwalo a fumbi nawonso. Nzeru yomweyi yojambula munthu ataima imatheka ndi X-ray wamba amene ali m'zipatala zathu, pongofunika kuika pansi kaseti, mbale imene imagwira chithunzi ija, wodwala aimepo, makamaka mapazi onse awiri kuti afanizire lovulala ndi labwinolo. Ndiye ngati munavulala phazi, anakujambulani mutagona nkukuuzani kuti palibe chathyoka, koma patha sabata kapena awiri mukulephera kuponda, pakati pa phazi pakadali potupa, makamaka mukaona pansi pa phazi pada ngati magazi aundana, chonde bwererani. Pemphani kuonana ndi a kilinikala a mafupa, muwafotokozere kuti ululu ukubwera mukaponda, ndipo afunseni mwaulemu ngati nkotheka kujambulanso mutaima.