Sipeya yaikulu yandiweramitsira chitseko chakumbuyo

Anzanga oyendetsa magalimoto a m'misewu yoipa, imvani izi. Nditasintha matayala kupita pa mainchesi 35, ndidapachikanso sipeya yake pachitseko chakumbuyo, pomwe pankakhala yakale ija. Tayala limeneli pamodzi ndi limu yake limalemera pafupifupi makilogalamu 40.

Poyamba kunkangomveka kakugogoda tikamadutsa pamabampu. Kenako chitseko chidayamba kukana kutsekeka mpaka uchinyamule pang'ono ndi dzanja. Dzulo nditachotsa tayala ndapeza mahinjesi aweramira pansi, ndipo chitsulo chang'aluka mozungulira mabawuti awiri. Mtima wanga udawawa.

Vuto si kulemera kokha ayi. Tayala lalikulu limakhala motalikirana ndi chitseko, ndiye pabampu iliyonse limakoka mahinjesi ngati munthu akuzula msomali. Timalabala tapachitseko tothandiza kuti tayala lisagwedere sitinkalikhudzanso n'komwe. Lidabisanso getsi lapamwamba la mabuleki, zomwe n'zoopsa kwa amene akukutsatira.

Tsopano ndikuikitsa chonyamulira chomangirira kubampala yachitsulo yogwira pa chasisi (chimango cha galimoto), choti chizitseguka padera osati limodzi ndi chitseko. Chitseko chizingonyamula kulemera kwake basi. Inu amene muli ndi sipeya yaikulu kumbuyoko, kaigwedezeni ndi manja lero, mumve ngati ikusewera.