Tikudikira chizimalupsa

Ndikatuluka m'nyumba kuno ku Matawale m'mawa, maso anga amayamba afuna phiri la Zomba. Mu Meyi limaoneka ngati ungalikhudze ndi dzanja, miyala ndi mitengo ya paini ili mbee. Koma sabata ino chiphiri chonse chija, chotalika mamita oposa 2,000, changotsala chithunzithunzi chotuwa. Si nkhungu ayi. Nkhungu timaidziwa, ndi ya Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni, pamene mvula yowaza imatha masiku atatu osakata ndipo zovala zimakana kuuma pachingwe. Imeneyo imangozizira. Ichi cha Okutobalachi chikuwawa m'maso, chikukanda pakhosi. Ndi utsi wosakanizika ndi fumbi.

Utsiwu tikuufukiza tokha. M'minda anthu akusosa, akuunjika mapesi n'kuyatsa. Anyamata akutentha tchire posaka mbewa. Mauvuni a njerwa akufuka usiku wonse, aliyense akuthamangira kuwotcha mvula isanagwe. Moto ukalowa m'paini kuphiri, usiku timaona mzere wofiira ukukwawa pamwamba pa tauni. Ndiye palinso mbaula zathu, ndi mapulasitiki omwe timatentha kudzala madzulo. Mvula inaleka mu Epulo, palibe chotsuka mlengalenga.

Kale sindinkalabadira zimenezi. Ndinayamba kuzimva mumtima chifukwa cha mwana wanga wachiwiri, yemwe ali ndi mphumu. Lachiwiri usiku anandidzutsa osalankhula, anangondigwira chitenje. M'chifuwa mwake mumalira ngati kamluzu, ndipo akakoka mpweya khungu la pakati pa nthiti limalowa m'kati. Ndinamukhazika pamiyendo panga, n'kumupopera mankhwala ake, kenako kuwerenga kapumidwe kake mumdima. Mawindo ndinali nditatseka chifukwa cha utsi, koma malata anali akadatulutsa kutentha kwa masana, thukuta lili kamukamu tonse awiri. Kutsekula n'kulakwa, kutseka n'kulakwanso. Tambala woyamba akulira tinali pa kabaza kupita kuchipatala.

Munda wathu uli kwa Jali, amausamala ndi anganga, mayi a mayi anga. Mu Ogasiti ndinapita dala kukawapempha.

"Anganga, chaka chino mapesi tisatenthe, tingowakwirira m'mizere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, chiswe udzabwera kudzachipirikitsa ndiwe? Nanga msana wokwirira mapesiwo ndi wa ndani?"

Sindinawayankhe msanga, pakuti pa nkhani ya msana sananame. Machesi amodzi amamaliza ntchito yomwe khasu limatha nayo sabata. Munthu wokalamba, wopanda womuthandiza, sungamuloze chala kuti akuwononga mpweya. Ndinangowauza za mdzukulutudzi wawo, momwe amapumira usiku, ndiponso kuti mapesi akawolerana pansi amasunga chinyontho ndi kubweza chonde chomwe moto umauluza. Anati, "Ngati ndi za mwanayo, peza aganyu." Ndinawapeza anyamata awiri, ndalama yake ndinachotsa pa ya feteleza. Mapesi tinakwirira. Tsiku lomwelo minda itatu yoyandikana nafe inali ikufuka, mphepo n'kumakankhira utsi wonse kwa ife. Zinandipweteka, koma sindikunong'oneza bondo.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi mvula kuchedwa. Ndikukumbukira 2018, nyanja ya Chilwa itaphwa. Ndinafika ku Kachulu n'kupeza mabwato atagona pamatope ong'aluka, kamvuluvulu akuzunguza fumbi pamalo pomwe asodzi ankaponya makoka. Chaka ngati chimenecho chikabweranso, sindidziwa kuti mwanayu ndidzamubisa kuti.

Ndiye masiku ano ndimangoyang'ana kumwamba. Akuluakulu mvula yoyamba ija anaitcha chizimalupsa, yozimitsa moto wa m'tchire lopsa. Si yodzalira ayi, wodzala nayo amalira mbewu zikapserera. Koma kwa ine ndi mvula yofunika kuposa zonse, chifukwa imagwetsa fumbi pansi.

Dzulo cha m'ma 3 koloko mitambo inadetsa cha ku Malosa, kunagunda kawiri. Timadontho tinagwa tochepa, tongolemba madontho pafumbi la pabwalo, fungo la dothi lonyowa n'kubuka. Mwana uja anathamangira panja wopanda nsapato, atayasamula kukamwa. Ndinamusiya. Lero m'mawa phiri laonekako pang'ono, cha m'munsi mokha.