Kukwera phiri m'chifunga posaka cholakwika mu pulogalamu

Ndinalembera gulu lina la alimi a mbatatesi ku Bembeke kapulogalamu ka Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) kowerengera ndalama: matumba amene munthu wabweretsa kuchulukitsa ndi mtengo, kenako kuchotsa ngongole ya feteleza. Tsiku lina msungichuma, mayi wosalola ngakhale tambala kusowa, anandiimbira foni. "Achimwene, pali munthu wamaliza ngongole koma makina anuwa akumulembabe kuti ali nayo." Dzina sanalikumbukire, ndipo buku linali kwa mlembi amene anapita kumaliro ku Ntcheu.

Ndinayamba ndi ulesi. Ndinauza kompyuta iziponya manambala mwachisawawa m'pulogalamuyo poiyesa, maulendo 10,000. Zonse zinatuluka bwinobwino.

Apa ndi pamene ndinakumbukira njira imene Mark Harman ndi Bryan Jones anaitcha search-based software engineering mu 2001, ngakhale Webb Miller ndi David Spooner anali atasakapo kale manambala oyesera pulogalamu mwanjira yotereyi mu 1976. M'malo moponya mwakhungu, kompyuta umaipatsa muyeso woiuza kuti yayandikira motani pomwe ukufuna. Muyesowu ndi fitness function, ndipo thukuta lonse limathera pamenepa. Ine ndinkakayikira pamalire, pomwe ndalama za mbatatesi zafanana ndendende ndi ngongole. Choncho muyeso wanga unali kusiyana kwa ziwirizo. Kukamachepa, ndiye kuti tikuyandikira.

Pa kusakako ndinasankha njira yotchedwa hill climbing, kutanthauza kukwera phiri. Amene anakwerapo phiri la Dedza m'mamawa wa mu June chifunga chitakuta akudziwa kuti nsonga suiona, umangoponda kumene kukukwera. Nayo kompyuta imatero. Imayamba paliponse, n'kuwonjezera kapena kuchotsa thumba limodzi, kaya la mbatatesi kaya la feteleza, n'kusunga kusintha kokhako kumene kwachepetsa muyeso.

Sipanatenge nthawi, inakakamira. Kusiyana kunaima pa K3,000 ndipo thumba lililonse lomwe ingasunthe linkangokukulitsa. Inali itaima pa chulu n'kumayesa yafika pansonga. Ndinatsala pang'ono kulemba genetic algorithm, yomwe imasunga mayankho ambirimbiri n'kumawakwatitsa, koma kwa manambala awiri okha kumeneko n'kupha nyerere ndi nkhwangwa. Ndinangoiuza kuti ikakakamira iziyambiranso pamalo ena.

Patapita maulendo angapo muyeso unagwera pa 0. Kompyuta sinanene kuti yapeza cholakwika ayi, inangondipatsa manambala awiri. Ndinawalowetsa ndekha, ndipo taonani: munthu wotsala ndi K0 walembedwa kuti ali ndi ngongole. Pa mzere woona ngati wamaliza kubweza ndinaika chizindikiro cha > (kuposa) m'malo mwa >= (kuposa kapena kufanana).

Ndinakonza kachizindikiroko, manambala aja n'kuwasunga kuti aziyesedwa nthawi zonse ndikagwira pulogalamuyi. Nditawaimbira mayi aja, anangoti, "Chabwino, koma Loweruka mubwere ndi laputopuyo, tidzafananitse ndi buku."