Kamwala ka mu impso ndi sefa ya tiyi

Abale inu, ululu wa mwala wa mu impso musamufunire ngakhale munthu amene anakudyerani ndalama za banki m'khonde. Unandigwira usiku cha m'nthitimu nkumatsikira kumunsi, ine bambo wandevu zanga kugubuduka pa simenti ndikuitana mayi anga, ana akungosuzumira pakhomo.

Kuchipatala atandiunika adokotala akuti muli kamwala, kamapangika mchere wa mu mkodzo ukaundana, makamaka ngati munthu sumwa madzi okwanira. Azakhali anga anakanitsitsa, ati mwala sumera m'thupi, umenewu ndi mpunga wosasankha bwino, apo nkuti diso lili pa mayi akunyumba. Mkangano unabuka muwodi momwemo, ine ndikubuula wondiyang'ana palibe.

Ndiye kunatulukira alamu anga aja odziwa zonse, foni ili m'manja. Ati azakhali simunaphonye kwenikweni, Hippocrates, sing'anga wamakedzana wa ku Greece, naye ankati miyala imabwera ndi kumwa madzi amatope ndi mchenga a m'mitsinje ikuluikulu, ndipo asing'anga omutsatira ankachita kulumbira kuti sadzang'amba munthu wa mwala, azisiyira eni ntchitoyo. Azakhali anakonza chitenje nkukhala bwinobwino pa benchi. Alamu osaima, ati ku London mu 1658 bambo wina dzina lake Samuel Pepys anamuchotsa mwala m'chikhodzodzo waukulu ngati mpira wa tenesi ali maso, nthawi imeneyo mankhwala ogonetsa kulibe, anangomumanga zolimba basi, atachira mwalawo anausunga nkumachita phwando chaka ndi chaka. Kenako ya Jan de Doot, wosula zitsulo wa ku Amsterdam amene akuti mu 1651 anadzing'amba yekha ndi mpeni. "Alamu, mpeni ulipo m'galimotomu, tiyese?" Ine ndikufa iwo ali kikiki.

Opaleshoni sanandipange, anangondipatsa mapilisi nkuti madzi ambiri, komanso muzikodza mosefa kuti kakatuluka tidzakaone. Kwathu sefa inalipo imodzi yokha, ya tiyi, ndinaitenga mwakachetechete. Tsiku lotuluka ndinakuwa mpaka agalu a aneba anayankha, kuyang'ana musefamo kanthu kabulauni kaminga-minga, kosafika ndi kukula kwa njere ya mapira. Alamu anakatembenuza ndi kamtengo ka machesi, "kugubuduka konse kuja ndi kameneka?"

Sefa ndinaitsuka ndi sopo wambiri nkuibwezera pa msomali pake. Lamulungu kunabwera amayi a mvano kudzandizonda, azakhali ali patsogolo, mayi akunyumba nkutereka tiyi. Ine ndinati adokotala andiletsa.