Ine mundilemba pati?

Tulo takana kubwera, ndiye ndangoti ndilembe. Lero m'pamene tinakumana koyamba pamalo aja tinapempha kuti tiyambepo dimba la tonse. Ndinauziratu anthu kuti aliyense abwere ndi chimene ali nacho, ndipo anayesetsadi: makasu anayi, fosholo imodzi, wilibala, makeni awiri othirira, chingwe ndi zikhomo. Ine ndinaima ndi kope, kulemba dzina la munthu, pambali pake chida chimene wabweretsa. Cholinga changa chinali choti zida zisadzasokonekere basi.

Pomalizira penipeni anafika amayi ena achikulire, chimanjamanja. Anasuzumira m'kope muja n'kundifunsa, "Mwanangu, ine khasu ndilibe, keni ndilibe. Mundilemba pati?" Anthu onse anangoti zii. Ndinati, "Musadandaule amayi, dzina lokha likwanira," koma ndinaona maso awo ali pa mpata wopanda kanthu umene unatsala pambali pa dzinalo. Mtima wanga unawawa pomwepo, ndipo mpaka pano sunaleke.

Sanayankhe. Anangolunjika pa mulu wa kompositi umene ndinaunjika masabata awiri apitawo, n'kupisamo dzanja mpaka m'chigongono. "Wazizira uwu," anatero. "Mulu wamoyo umatentha m'kati." Akuti udzu wouma ndinachulutsa, masamba aawisi ndi ndowe n'zochepa, madzinso sanalowerere. Anatapa pang'ono n'kufinya m'manja kuti ndione: zikanyowa bwino pamatuluka kadontho kamodzi kapena tiwiri, osati kuchucha, osatinso kuyoyoka ngati fumbi. Tikaukonza n'kumautembenuza, manyowa apsa pakatha miyezi 2 kapena 3. Mabedi anga aja ndinakhomera zikhomo motalikirana mamita 2 anawachepetsa kufika mita imodzi, kuti munthu azifikira pakati ali panja, chifukwa dothi likapondedwapondedwa limalimba, madzi ndi mizu zimavutika kulowa. Anatinso bedi limodzi tidzalemo nyemba. Ine ndinawerengapo za timatuza ta pamizu yake, mmene mumakhala tizilombo totenga nayitrojeni mumpweya, koma iwo anangoti nyemba zimadyetsa nthaka, ndipo onse anamva.

Kaya inali nthawi yanji, dzuwa litapendeka ndithu, bambo amene anabweretsa wilibala ananditengera pambali. Akuti pokolola, amene abweretsa zida adzalandire zochulukirapo, popeza zida zimatha, tayala likaphulika adzakonze ndi iwo. Analoza kope langa: "Si izi mwalemba kale, achimwene?" Sindingawanene kuti ndi oipa, mfundo ali nayo, ndipo lero akankha wilibalayo maulendo ambirimbiri osadandaula. Koma mawu amenewa anawapatsa ndi kope langa lomweli. Nanga dzanja lija linalowa mumulu wozizira ndililemba mzere uti? Nanga amene azidzuka m'mamawa kudzathirira mbande dzuwa lisanakwere?

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti amayi aja anali chapafupi, akusamba m'manja ndi madzi otsala m'keni. Sindikudziwa ngati anamva. Potsanzikana anangoti "Tsalani bwino ana anga," osanena ngati Loweruka abweranso.

Kope lili patebulo apa. Tsamba lija sindinaling'ambe, sindinalembeponso kanthu. Ndandanda wa othirira sitinaupange n'komwe, ndipo mbewu za tomato tafesa kale pa nazale, mawa zifunika madzi.