Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chiganizo chimene Murasaki sanalembe

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe imelo yondilola kuyamba digiri yachiwiri inafika, ine n'kuiwerenga katatu ndili chiimire. Lero ndikambe za semesita yoyamba, makamaka sabata yachisanu ndi chimodzi, pomwe ndinagwidwa ndi manyazi pamaso pa anthu oti sindinagwiranepo nawo chanza.

Sukulu ya pa intaneti ilibe belu. Masana ndinkakhala kuntchito, usiku ndiye kusukulu. Kalasi ya pa Zoom inkachitika kamodzi pa sabata, ndipo poti a Profesa anali mbali ina ya dziko, kwawo kukakhala madzulo kwa ine inali 2 koloko usiku. Ndinkatchera alamu, kusukusula ndi madzi ozizira, n'kuvala shati yabwino kumtunda kokha, pakuti kamera siona kumiyendo. Masiku enawo tinkakumana polemba. Pofika Lachitatu aliyense amaika maganizo ake pa zomwe tawerenga, pofika Lachisanu n'kuyankha anzake awiri. Tinalipo 14, ndipo ambiri ndinayamba kuwadziwa ndi kalembedwe kawo ndisanazolowere nkhope zawo.

Kosi yoyamba inali ya zolembalemba za dziko lonse. Tinayambira pa Goethe, wolemba wa ku Germany, yemwe mu 1827 anauza mnzake Eckermann kuti nyengo ya mabuku a mtundu umodzi ikutha, ikubwera ya Weltliteratur, mabuku a dziko lonse. Pa nthawiyo n'kuti akuwerenga buku la ku China. Ndinazilemba zimenezi m'kope mwanga mosangalala, koma kanthu kena sindinakalabadire: mkuluyu Chitchaina sankachidziwa. Ankawerenga lomasuliridwa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi inali ya Nthano ya Genji, yomwe Murasaki Shikibu, mayi wa kunyumba yachifumu ku Japan, analemba zaka 1,000 zapitazo. Ili ndi mitu 54 komanso ndakatulo zifupizifupi pafupifupi 800. Tinapatsidwa mitu ingapo, n'kuuzidwa kuti aliyense apeze yekha buku lomasuliridwa. Ine ndinatenga lomwe ndinalipeza msanga, la Arthur Waley, lomwe linatuluka m'mavoliyumu asanu ndi limodzi kuyambira 1925 mpaka 1933. Linandikoka. Ndinafika pa chiganizo china chofotokoza zomwe mayi wosiyidwa ankamva mumtima, ndipo ndinati apa ndiye ndapha. Chimangirizo changa chonse ndinachitsamiritsa pa chiganizo chimenecho. Ndinalemba kuti taonani, kalekalelo Murasaki ankatha kulowa m'mutu mwa mtengambali ndi kutiuza poyera zili m'menemo. Ndinachiika Lachitatu usiku n'kukagona ngati munthu wogwira ntchito yotamandika.

Lachinayi m'mawa ndinapeza yankho. Linachokera kwa mayi wina wa ku Osaka, mphunzitsi wa kusekondale, amene m'kalasi sankayankhulayankhula. Anayamba ndi kuyamikira, monga tonse tinkachitira. Kenako anati afunafuna chiganizocho m'buku lawo la Chijapani ndipo sanachipeze. Pamalopo, anatero, pali mawu owerengeka chabe, ndipo sakutchula n'komwe kuti amene akumva chisoniyo ndani. Woweranga amazindikira yekha poona mawu aulemu omwe agwiritsidwa ntchito.

Ndinatseka laputopu. Kuntchito tsiku limenelo ndinangokhala ndwii. Chomwe chinkandiwawa si kulakwitsa kokha ayi, koma kuti ndinalakwitsa molimba mtima, pamalo poti zolemba sizifufutika. M'kalasi ya makoma ukanena zopanda mutu, anzako amaseka, mawa aiwala. Apa zinangokhala pompo, dzina langa pamwamba, tsiku ndi ola pambali.

Usiku wa Zoom ndinafuna kunamizira netiweki. Ndinalowabe, kamera nditazimitsa.

A Profesa anayambira pa ine. "Muyatse kamera tikuoneni," anatero, "chifukwa mwatithandiza tonse." Kenako anauza aliyense kuti akweze buku lake. Timabokosi ta pa sikirini tinadzaza ndi zikuto. Ena anali ndi la Waley ngati ine, ena la Edward Seidensticker la 1976, ena la Royall Tyler la 2001, njonda ina ya ku Lyon inali ndi la Chifalansa. Tinawerenga ndime imodzimodziyo mosinthanasinthana, ndipo munthu ukanalumbira kuti ndi mabuku a anthu osiyana. Waley anaphunzira yekha Chijapani akugwira ntchito ku British Museum, ndipo ku Japan sanapondeko mwendo. Ankamasulira momasuka, ndakatulo zambiri n'kuzisungunulira m'ziganizo wamba, mpaka mutu 38 anaudumpha wathunthu. Tyler anayesetsa kutsata mwiniwake, yemwe anthu ake ambiri sawatchula maina koma maudindo, ndipo udindo ukasintha katchulidwenso kamasintha. N'chifukwa chake la Tyler limakutopetsa msanga, koma silikunamiza kuti uli kwanu.

Chomwe chinanditsitsa mtima ndi zomwe mayi a ku Osaka aja anaulula pambuyo pake. Anati nawonso kawirikawiri amawerenga lomasuliridwa, chifukwa Chijapani cha nthawi ya Murasaki n'chovuta kwa Mjapani wa lero. Olemba awo otchuka, monga Yosano Akiko ndi Tanizaki Jun'ichirō, anachita kulimasulira m'Chijapani chamakono, Tanizakiyo mpaka katatu. Lachikalelo anangolitsegula pofuna kutsimikiza za chiganizo changa chija. Ndinaseka ndekha pakati pa usiku, mahedifoni ali kukhutu.

Sabata yotsatira tinawerenga David Damrosch, yemwe m'buku lake la 2003 amati zolemba za dziko lonse ndi zomwe zimayenda kupitirira kwawo, ndipo zimapindula zikamasuliridwa. Mfundo yake ndinaimva, ndipo Genji ndi umboni: popanda Waley yemwe uja, ine sindikanamudziwa Murasaki. Koma mpaka lero ndimaivomera ndi mtima umodzi. Buku limayenda ngati wina walinyamula, ndipo olinyamula amakhala ndi njira zawo zomwe anazolowera, zodzera ku London, Paris ndi New York. Tonse 14 tinali ndi zilankhulo zathu zoyamwira, koma tinkakumana m'Chingerezi, kuwerenga m'Chingerezi, kutsutsana m'Chingerezi za mabuku omwe ambiri sanabadwire m'Chingerezi. Ndiye buku lokoma lomwe silinapeze wolinyamula, si la dziko lonse? Funsoli ndinaliponya m'kalasi. A Profesa sanandiyankhe mwachindunji, anangoti ndilisunge, lidzandithandiza posankha mutu wa kafukufuku. Panthawiyo ndinaona ngati akuzemba.

Chimangirizo chija anandilola kuchilembanso. Ndinasiya zotamanda Murasaki pa mawu omwe sanalembe, ndinaika ndime ija ya omasulira atatu pamodzi n'kuyamba kufunsa kuti aliyense anawonjezera chiyani, anaopa chiyani. Kuyambira pamenepo, ndikatenga buku ndimayamba ndafufuza dzina la womasulira, lomwe nthawi zambiri amalibisa m'timalemba ting'onoting'ono mkati.

Ntchito yomaliza ya mwezi umenewo inali yoti aliyense amasulire kachigawo ka Genji m'chilankhulo chake. Mnyamata wina wanthabwala wa ku Recife anafulumira kusankha Kumogakure, kutanthauza kubisika m'mitambo. Umenewu ndi mutu womwe uli ndi dzina lokha, mkati mulibe liwu ngakhale limodzi, ndipo nkhani ikamapitirira Genji, mtengambali wamkulu wa nthanoyi, amakhala atamwalira kale. A Profesa anamukaniza uku akuseka. Ine ndinasankha ndakatulo imodzi ya mizere isanu. Ndinaikhalira masiku anayi, ndipo chinandivuta kwambiri ndi chomwe chija: Chichewa chinkafuna ndinene kuti akulirayo ndi "iye" kapena "iwo", pomwe mwiniwake sananene. Ndinatumiza Lamlungu, kutatsala mphindi 20 kuti nthawi ithe, ndipo kopi ina ndinatumizira mayi a ku Osaka, ngakhale Chichewa sachimva, kuti angoona maonekedwe ake. Zomwe anandiyankha, ndi momwe tinayambira kuwerengerana usiku uliwonse wa Loweruka, ndidzakamba m'gawo 18.